ZA PA KHOMO: Cipupa cogwetsa ndi cipupa cosiya

Makolo ambiri a m'midzi ya ku Chipata, Katete, Chadiza, Petauke ndi Lundazi ali ndi ana amene akhala m'nyumba zosanja za m'tauni, zimene eni ace azicha mafulati. Ena mwa makolowa pobwera kocezera ana ao afika ndi nkhani yodabwitsa. Anena kuti mwana wao anagwetsa cipupa ca pakati pa khichini ndi cipinda cocezeramo, kotero kuti pophikira, podyera ndi pokhala alendo pali pamodzi popanda citseko ciri conse. Omva nkhaniyi ena aseka, ena apukusa mitu, koma alipo enanso amene ayamba kulingalira zocita cimodzimodzi m'nyumba za njerwa zimene ali kumanga pamudzi. Kaamba ka ici, sabata ino danga lino lifotokoza kumene kamangidwe kotere kanacokera, ubwino wace, ndiponso zipupa zimene munthu wanzeru sayenera kuzikhudza.

MLENDO WOSOWA PODYERA

M'mwezi wa Juni caka ca 2024, mai wina wacikulire wa ku dera la Katete anakwera basi kupita ku Lusaka kukasamalira mwana wace wamkazi amene anali m'cikuta ca mwana woyamba. Fulati ya mwanayo inali pa nsanjika yaciwiri, ndipo inali ndi cipinda cimodzi cogona, cipinda cocezeramo, khichini ndi bafa. Maiyo anali atafikako kale zaka ziwiri m'mbuyomo. Pa ulendo woyambawo khichini ndiyo inali malo ace. Anali kudyera momwemo citseko ciri cotseka, pamene mkamwini wace anali kudyera pa thebulo kocezera, monga mwambo wa Acewa ufunira kuti mkamwini ndi apongozi ace asadyere pamodzi.

Pa ulendo waciwiriwu anapeza cipupa cija palibe. Nyumba inaoneka yaikulu ndi yowala, pakuti dzuwa lolowera pa zenera la khichini linali kufika mpaka pa citseko ca kunja. Mwana wace anamuonetsa zonse mokondwa.

"Amai, taonani. Tsopano ndiphika uku ndiri kuona mwana, uku ndiri kuceza ndi alendo. Kale ndinali kutsekeredwa ndekha m'kakhichini kaja ngati wandende."

Maiyo anayamikira ndithu. Koma nsima itapsa anati ulendo wamtopetsa, sadya. M'mawa mwace anati m'mimba simuli bwino. Tsiku lacitatu mwana wace anampeza atakhala pa masitepe a kunja, mbale iri pa miyendo, ali kudya mofulumira ngati wakuba.

"Amai, kodi takulakwirani ciani kuti mudyere pa masitepe?"

"Simunalakwe kanthu, mwana wanga. Nyumba yakoma. Koma tandiuza, ndimeza bwanji mbamu apongozi anga ali kundipenya pakamwa? Cipupa cija cinali citenje canga. Mwacigwetsa, ndipo ine ndatsala poyera."

Mwanayo ndi mwamuna wace sanacimwe pofuna kuwala ndi malo otakasuka. Nayenso maiyo sanacimwe posunga mwambo umene anakula nao. Cimene cinasoweka ndi funso limodzi loyenera kufunsidwa nyundo isanagunde: kodi cipupa ici cigwira nchito yanji? Pakuti cipupa ca m'nyumba cikhoza kukhala ndi nchito zitatu. Cisenza katundu wa pamwamba, cichinga utsi ndi fungo, ndiponso cisunga ulemu pakati pa anthu okhala pamodzi.

MMENE MAFULATI ANADZERA

Lusaka inakhala likulu la dziko m'caka ca 1935. M'zaka zimenezo boma la atsamunda linamanga ku Kabwata tinyumba tozungulira ta udzu, ta cipinda cimodzi-cimodzi, togonamo amuna obwera kudzagwira nchito. Maganizo anali akuti akazi ndi ana azitsala kumudzi. Dziko litalandira ufulu mu 1964, anthu anayamba kulowa m'matauni ndi mabanja ao, ndipo nyumba zinacepa. M'caka ca 1971 boma linakhazikitsa bungwe la National Housing Authority loona za nyumba. M'zaka za m'ma 1970 zomwezo tinyumba tambiri ta ku Kabwata tinagwetsedwa kuti pamangidwe mafulati. Tinyumba 43 tinasiyidwa, ndipo ndito tachedwa Kabwata Cultural Village, pa mseu wa Burma, kumene osema ziboliboli agulitsira nchito za manja ao.

Mafulati oterewa, ku Lusaka ndi ku migodi komwe, analembedwera banja laling'ono: bambo, mai ndi ana owerengeka. Olemba mapulani sanawerengere mphwace wa bambo wobwera kudzaphunzira, ambuya obwera ku cipatala cacikulu, kapena mlamu wofuna nchito. Ndipo pamene nyumbazo zinali m'manja mwa makhonsolo, wokhalamo analibe mphamvu yosintha kamangidwe kace. Zinthu zinatembenuka mu 1996, pamene boma la Pulezidenti Frederick Chiluba linalamula kuti nyumba za makhonsolo zigulitsidwe kwa anthu amene anali kukhalamo. Kucokera pamenepo mabanja ambiri anakhala eni nyumba, ndipo ana amene analowa m'nyumbazo pambuyo pa makolo ao ayang'ana tizipinda topanikiza tija ndi mtima wofuna kutifutukula.

KUMENE NZERUYI INACOKERA

Kamangidwe kophatikiza zipinda kanayamba kuchuka ku America ndi ku Ulaya zaka zoposa 100 zapitazo. Kumeneko nyumba za anthu opeza bwino zinali ndi zipinda zambiri zotsekeka, ndipo khichini inali kumbuyo kapena kunsi, kwa anchito, kuti utsi ndi fungo zisafike kwa eni nyumba. Kuciyambi kwa zaka za m'ma 1900 katswiri wolemba mapulani wa ku America, Frank Lloyd Wright, anayamba kumanga nyumba zimene podyera ndi pocezera panali polumikizana mozungulira malo osonkhapo moto. Pambuyo pace zinthu zitatu zinafalitsa kamangidweka. Zitsulo ndi konkire zinalola kuti denga likhale pa mizati m'malo mwa zipupa. Zitofu za magetsi ndi za gasi zinacepetsa utsi. Ndipo mabanja ambiri analeka kulemba anchito, kotero kuti wophika anakhala mwini nyumba, amene sanafune kubindikiritsidwa yekha pamene ena ali kuceza.

Citsanzo cothandiza kwambiri a nyumba zazing'ono ciri mu mzinda wa Utrecht ku Netherlands. M'caka ca 1924 mai wamasiye wa ana atatu, Truus Schröder, pamodzi ndi mmisiri Gerrit Rietveld, anamanga nyumba imene nsanjika yace ya pamwamba iri ndi zipupa za matabwa zokankhika. Masana zipupazo zinali kukankhidwira pambali, banja lonse n'kukhala m'cipinda cimodzi cacikulu. Usiku zinali kubwezedwa, malowo n'kugawika m'tizipinda togonamo. Nyumbayo ikalipo, ndipo mu 2000 bungwe la UNESCO linaiika pa mndandanda wa malo ofunika kusungidwa pa dziko lonse. Ku Japan nakonso nyumba za makolo ziri ndi zitseko zopepuka zokankhika, ndipo zogonera zipindidwa m'mawa n'kusungidwa m'kabati, kuti cipinda comweco cikhale codyeramo masana.

Munthu wa kumudzi sayenera kuona zimenezi ngati nzeru yacilendo, pakuti khomo la pamudzi liyenda motero kuyambira kale. Masana moyo wonse uli pa bwalo. Mai asinja, aphika, ayang'anira ana ndi kulandira alendo pa malo amodzi, popanda cipupa pakati. Koma pali zinthu ziwiri zimene mudzi sunaphatikize. Moto wa nkhuni uli panja, kapena m'kakhichini kapadera kamene utsi upeza poturukira. Ndipo dzuwa likalowa anthu agawikana: makolo m'nyumba yao, anyamata ku gowero, atsikana m'kuka mwa ambuya ao. Wofuna kudyera payekha kaamba ka mwambo apeza pa khonde kapena kuseri kwa nkhokwe. Lamulo la mudzi tsono ndi ili: za masana pamodzi, moto pa mphepo, tulo mogawikana. Fulati yaing'ono ingathe kutsegulidwa bwino pokhapo ngati mwini wace wasunga lamulo limeneli.

CIPUPA COSENZA KATUNDU

Mlimi ali yense adziwa kuti pa nkhokwe pali timitengo tina timene munthu akhoza kusolola osaononga kanthu, koma akazula mphanda ya pansi cimanga conse cipezeka pa dothi. Zipupa za nyumba nazo ziri mitundu iwiri yomweyo. Cina cingogawa zipinda. Cina cisenza denga, kapena konkire imene kwa wokhala pansi ndi denga, pamene kwa mnansi wa pamwamba ndi popondapo pace.

Pali zizindikiro zimene zithandiza kusiyanitsa. Cipupa cosenza kawiri-kawiri cikhala cocindikala, ca masentimita pafupifupi 23 ngati ndi ca njerwa, pamene cogawa zipinda cabe cikhala ca theka la muyeso umenewo. Pa nyumba za mabuloko, a mainchesi 4 ndiwo agawira zipinda, ndipo a mainchesi 6 kapena 8 ndiwo amangira zipupa zolimba. Cipupa cimene cipezeka pa malo amodzimodzi m'nsanjika zonse, kuyambira pansi mpaka pamwamba, ndi cokayikitsa ndithu. Koma zizindikirozi si umboni wokwanira. Pulasitala ibisa zambiri, ndipo cipupa copyapyala naco nthawi zina cipezeka citasenza kanthu. Kugogoda ndi cala n'kumvetsera kulira kwace, monga acitira amisiri ena a pa mseu, sikuuza munthu coona. Woyenera kugamula ndi injiniya wa zomanga amene waona pulani ya nyumbayo ndi kuyendera nyumba yeniyeniyo.

Ngati cipupa cosenza cifunika kuboola, nchitoyo iri ndi dongosolo lace. Coyamba acirikiza denga ndi mizati yacitsulo. Kenaka aika mtanda wacitsulo, kapena wa konkire yokhala ndi zitsulo m'kati, umene kukula kwace wawerengera injiniya, ndipo mtandawo utsamira pa nsanamira zolimba mbali zonse ziwiri. Konkire ifuna masiku 28 kuti ifike pa mphamvu imene amisiri aiwerengera, motero wocotsa mizati msanga kaamba ka kufulumira aputa tsoka.

Cimene cicitika nyumba yosanja ikataya cipupa cosenza cinaoneka ku London pa 16 Meyi 1968. M'nyumba ya nsanjika 22 yochedwa Ronan Point, gasi anaphulika m'khichini ya pa nsanjika ya 18 n'kukankhira kunja cipupa cimodzi. Zipinda za pamwamba zinasowa potsamira n'kugwa, ndipo kulemera kwace kunagwetsa ngodya yonse ya nyumbayo mpaka pansi. Anthu 4 anafa. Kumeneko cinali ngozi, palibe anagwetsa cipupa dala. Koma konkire sisankha kuti cipupa cacotsedwa ndi gasi kapena ndi nyundo.

M'kati mwa zipupa muyendanso mawaya a magetsi ndi mapaipi a madzi, ndipo ena mwa mapaipiwo atumikira anansi. Pa cifukwa ici wokhala m'nyumba ya lendi sayenera kukhudza cipupa popanda cilolezo colembedwa ca mwini nyumba. Nayenso mwini fulati si mwini nyumba yonse. Lamulo la Common Leasehold Schemes Act la 1994 lilola munthu kukhala ndi cikalata ca umwini wa fulati yace, koma mbali zina za nyumbayo zikhala za onse okhalamo. Kusintha kamangidwe ka nyumba m'tauni kufuna kuti pulani ipite ku khonsolo ikavomerezedwe. Akulu anati safunsa anadya phula. Pa mbali iyi mkamwini wa m'nkhani ija anacita bwino: anaitana injiniya, amene analola kugwetsa cipupa ca khichini, koma anakaniza kotheratu kukhudza ca ku cipinda cogona.

Ndi bwinonso kuwerengera phindu lace. Cipupa ca mamita 3 m'litali ndi masentimita 12 kucindikala cikagwa, malo amene aonjezeka pansi angopitirira pang'ono gawo limodzi mwa magawo atatu a sikweya mita, osakwana ngakhale poyala mkeka wa mwana. Koma citseko ca masentimita 80 cidya theka la sikweya mita potseguka ndi potsekeka. Ndiye kuti wongozula citseko pa mahinjesi ace apindula malo oposa a cipupa conse, osalipira mmisiri. Ndiponso cipupa cikagwa, kabati, mashelefu ndi mipando zimene zinali kutsamira mbali zace ziwiri zisowa poima. Phindu lenileni la kugwetsa cipupa ndi kuwala, mphepo ndi kuonana, osati kukula kwa nyumba.

MOTO NDI UTSI

Kamangidwe kophatikiza khichini ndi pocezera kanabadwira ku maiko kumene aphikira magetsi ndi gasi. Apa ndi pamene pagona ngozi yaikulu kwa mabanja a m'Zambia. Caka ca 2024 mvula inakana, ndipo pa 29 Febuluwale Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilalaco ndi tsoka la dziko lonse. Madzi m'nyanja ya Kariba anacepa, magetsi n'kumazima maola ambiri pa tsiku. Zitofu za magetsi zinagona, ndipo mbaula inabwerera m'mafulati.

Usiku wina wozizira, m'fulati ija anatenthetsa madzi osambitsa khanda pa mbaula. Atatha anaona kuti makala ayaka bwino, ofiira, opanda utsi, ndipo anati aisiye m'nyumba kuti amai amve kutentha. Mazenera onse anatsekedwa kaamba ka cisanu. Mwana ndi mwamuna wace analowa ku cipinda ndi khanda n'kutseka citseko, ndipo maiyo anayala mphasa yace pakati pa cipinda cacikulu cija. M'bandakuca khanda linalira. Bambo wace poturuka kukatenga madzi anamva mutu kulemera, ndipo anapeza apongozi ace atasanza, ali kulephera kudzuka ndi kulankhula. Anatsegula citseko ndi mazenera, anaturutsa mbaula, n'kuwabereka kumsana kutsika nao masitepe. Mnansi anathandiza ndi galimoto, ndipo ku cipatala maiyo anapatsidwa mpweya n'kutsitsimuka. Palibe munthu anadzudzula mkamwiniyo kuti anagwira apongozi ace, pakuti mwambo upatsa njira moyo.

Cimene cinafuna kupha maiyo ndi mpweya wochedwa carbon monoxide, umene uturuka pamene makala, nkhuni, parafini kapena gasi ziyaka pa malo osowa mphepo. Mpweyawu suoneka, sununkha, ndipo sutsokomoletsa. Makala ofiira opanda utsi auturutsabe. Magazi a munthu augwira mwamphamvu kuposa mpweya wabwino koposa ka 200, kotero kuti thupi lifa ndi njala ya mpweya munthu ali kupuma. Zizindikiro zace ndi mutu, cizungulire, mseru, kusanza ndi kufooka, ndipo wogona tulo kawiri-kawiri sadzukanso. Makanda, amai apakati ndi okalamba ndiwo agonja msanga. Wopeza munthu wotere atsegule zitseko ndi mazenera, amturutsire panja, ndipo apite naye ku cipatala ngakhale aoneke ngati wacira. Kumwetsa mkaka sikucotsa mpweyawu m'magazi.

Asaganize wina kuti cipupa cija cikanakhalapo mbaula ikanakhala yabwino m'nyumba. Mpweyawu upita pansi pa citseko ndi m'ming'alu momwe. Koma cipupa cikacoka, pophikira pasanduka pogona, ndipo utsi uli wonse ufika kwa onse nthawi yomweyo. Bungwe la World Health Organization linawerengera kuti m'caka ca 2020 anthu pafupifupi 3.2 miliyoni pa dziko lonse anafa ndi matenda obwera kaamba ka utsi wa m'nyumba. Motero mbaula malo ace ndi pa khonde kapena panja, masana ndi usiku womwe. Ophikira gasi wa m'botolo akumbukire kuti gasiyo ndi wolemera kuposa mphepo, ndipo akadontha adikha pansi, pamene pagona mlendo ndi pokwawa mwana. Botolo litsekedwe nchito ikatha, ndipo zenera la pafupi ndi citofu likhale lotsegula pophika.

Pali zinanso zazing'ono zimene wogwetsa cipupa azidziwa mocedwa. Fungo la kapenta wokazinga lilowa m'mipando ya nsaru ndi m'zobvala. Mbale zosatsuka zionekera kwa mlendo ali yense. Mwana wa sukulu awerenga pakati pa phokoso la miphika ndi wailesi ya kanema. Ndipo mwana wokwawa, amene kale citseko cinali kumletsa, tsopano afika pa citofu mosabvuta. Walira mvula walira matope.

NCHITO IMENE SIFUNA NYUNDO

Zambiri zimene anthu afuna pogwetsa cipupa zipezeka mwa kusuntha katundu cabe. Woyamba nchitoyi ayese zipinda ndi tepi kapena cingwe, alembe pa pepala, ndipo ajambule pansi ndi coko pamene cinthu ciri conse cidzaima asanacinyamule. Kenaka acotse katundu wosagwira nchito, pakuti nyumba zambiri zicepa kaamba ka mipando ikulu-ikulu yogulidwa kuti anthu aone, imene ikhalidwa pa Khirisimasi pokha.

Zinthu zazitali monga firiji ndi wodiropu zitsamire ku zipupa, ndipo zazifupi zikhale pakati, kuti maso ndi kuwala zidutse. Pa zenera pasaime kanthu. Ngati mazenera ali mbali ziwiri zoyang'anana, njira ya mphepo pakati pao isatsekedwe. Poyenda anthu pakhale pa masentimita pafupifupi 90, kuti mai wobereka mwana kapena wonyamula mphika wotentha adutse osagunda kanthu. Penti yoyera kapena laimu iwalitsa cipinda koposa ya mtundu wakuda. Thebulo lopinda lokhomedwa ku cipupa, benchi lokhala ndi bokosi losungiramo zofunda, ndi mashelefu okwezedwa pafupi ndi denga zibweza malo ambiri a pansi. Amene afuna kuti wophika aziona alendo akhoza kuzula citseko ca khichini, kapena kufunsa injiniya za kuboola kazenera koperekera cakudya m'malo mogwetsa cipupa conse.

Kumene cipupa cinagwa kale, malire abwezedwe ndi zinthu zosunthika. Kabati yofika m'ciuno igawa pophikira ndi pocezera, ibisa mbale, ndipo pamwamba pace pakhala poika cakudya. Kabati yaitali imangiriridwe ku cipupa kuti isagwere mwana wokwerapo. Nsaru yocindikala yoyenda pa waya kapena pa kacitsulo pafupi ndi denga itsegulidwa masana n'kutsekedwa usiku, monga zipupa za ku Utrecht zija. Koma ikhale kutali ndi citofu mopitirira mita imodzi. Zigwiriro za mapoto ziloze ku cipupa nthawi zonse.

Koposa zonse, banja likhale pansi n'kuwerenga anthu amene agona m'nyumbamo, osati a lero okha koma ndi obwera. Mnyamata ndi mlongo wace akasinkhuka sagona malo amodzi. Mlendo ndi mame, koma m'tauni mame amenewa agwa kawiri-kawiri, ndipo afunika pobvalira ndi pogona pamene wopita ku cimbudzi usiku sawalumpha. Cipinda ca eni nyumba cikhale ndi cipupa ndi citseko cace ngakhale nyumba icepe motani. Zoterezi sizigamulidwa ndi bambo yekha kapena mai yekha, pakuti mutu umodzi susenza denga.

KWA OMANGA PAMUDZI

Masiku ano m'midzi yambiri mwaima nyumba za njerwa zoocha ndi malata, ndipo ena atengera mapulani a m'tauni osasintha kanthu. Womanga pamudzi ali ndi mwai umene wa m'fulati alibe, ndiwo malo. Ngati pakhomopo aphikira nkhuni kapena makala, khichini ikhale yapadera, yokhala ndi mazenera kapena cumuni. Cipinda cocezera cikhoza kukhala cacikulu ndi cophatikiza podyera, malinga mitanda ya denga yawerengedwa bwino ndi mmisiri wodziwa nchito yace. Ndalama zimene zikanapita ku tizipinda tambiri ta mdima zingamange khonde lalikulu, limene ligwira nchito ya pocezera miyezi yambiri ya caka. Kusintha pulani pa pepala sikudya thumba la simenti ngakhale limodzi, koma kusintha nyumba itaima kudya ndalama za cimanga ca caka conse.

Banja la ku Lusaka lija silinamangenso cipupa. Maiyo ataturuka m'cipatala, mkamwini anasuntha kabati ya mbale n'kuiimika pamene panali cipupa, ndipo mkazi wace anasoka zitenje zitatu n'kuzipacika pa waya kucokera pa kabati mpaka ku zenera la pocezera. Nthawi ya cakudya ndi ya tulo nsaru inali kukokedwa. Nthawi zina zonse nyumba inali yotseguka monga mwini anafunira. Mbaula inakhazikika pa khonde la kunja. Maiyo anakhala mpaka kumapeto kwa Ogasiti, ali kudya nsima yace mosabisala, ndipo pobwerera ku Katete anauza anzace kuti kwa mwana wace masana kuli bwalo, usiku kuli nyumba.

Sabata ya mawa danga lino lidzafotokoza za kamangidwe ka citofu ca dothi cosatha nkhuni, ndi mmene cumuni cace ciyenera kuimira.